Nkhata ya Amayi ndi Maungu Osweka

Lachinayi, sabata yomaliza ya Ogasiti

Ndadzuka lero thupi lili lopepuka ngati mankhusu a mpunga. Poyamba sindinadziwe chifukwa chake, koma nditamva tsache likulira pabwalo ndinakumbuka: akusesawo ndi amayi, ndipo palibe amene wawagwira. Kope ili ndinalisiya m'mwezi wa Meyi. Patsamba lomaliza ndinalemba za mayeso a Masamu ndi za nsapato yanga yong'ambika, kenako zii. Tsopano sukulu tatsekera, nthawi ndili nayo, ndipo zimene ndaona lero kuseri kwa nkhokwe sizingamveke ndikapanda kuyambira pamene zinayambira.

Amayi anga anthu amawadziwa ndi kasenzedwe. Kuchokera kwathu, kufupi ndi Golomoti, kukafika ku puloti yathu ya mpunga ku sikimu ya ku Bwanje ndi kamtunda ndithu, ndipo kumapeto kwake munthu amayenda pa timizere ta dothi tolekanitsa mapuloti, tongokwana phazi limodzi. Amayi ankayenda pamenepo ndowa yodzaza ili pamutu, manja akusenda mtedza. Wina akawapatsa moni ankatembenuka thupi lonse, n'kugwadirako pang'ono, dontho osagwa. Nkhata yawo inali chidutswa cha chitenje chakale cha maluwa achikasu, chosuluka mpaka maluwawo kuoneka ngati madontho a phala. Ankachipinda kamodzi kokha, osayang'ana. Ine anandiphunzitsa kusenza ndili Sitandade 2, ndi kachitini, koma mpaka lero dzanja limodzi limathamangira ku ndowa.

"Chotsa dzanjalo," ankatero. "Ndowa si khanda."

Tsiku limene anadwala linali Loweruka, tikukolola. Kwathu mpunga timakolola mothandizana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, ndipo mwini puloti amaphika thobwa la anthu onse. Thobwa la amayi linali la dzana lake. Ndowa yoyamba anabwera nayo m'mawa, anthu anamwa, ntchito inayenda. Dzuwa litakwera anabwerera kunyumba kukatenga yachiwiri. Ine ndinali kumanga mitolo pamodzi ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi, amene pakamwa pawo sipazizira ngakhale atawerama tsiku lonse.

Ndinawaona amayi akubwera pa kamzere. Anaima pakati, ngati munthu amene waiwala chinthu kunyumba. Ndowa inapendekera kumanja, n'kugwa. Chibadwire changa ndinali ndisanaonepo chinthu chikugwa pamutu pa amayi. Anakhala pansi, anadzuka, anayamba kuyenda atatangadza miyendo, thupi likuwakokera kumanja ngati nthaka yasanduka chitunda. Atayankhula, mawu ankatuluka okokeka, lilime lili lolemera.

Apa ndiyenera kufotokoza. Amayi amaimba kwaya kutchalitchi, ndipo mowa sanaulawepo. Thobwa likangoyamba kusasa amalipereka kwa ena, amati layamba kupita kumene iwo sapita. Ndiwonso anawasiyitsa mowa abambo, patatha zaka zambiri akukawatola ku Mtakataka iwo kwina, njinga kwina. Ndiye anthu ataona mayi ameneyu akudzandira, thobwa lili mbwee pansi, nkhani inadzikonza yokha m'mitu mwawo.

"Mng'ono wanga," anafuula amayi aakulu, "thobwa lachiwirili unaliphika liti? Kulawa timalawa tonse, koma iwe walawitsa."

"Lero a kwaya atiimbira nyimbo ina," anatero mayi wina wa puloti yoyandikana nayo.

Amayi anagwira kunkhongo n'kunena kuti, "Mutu. Dziko likuzungulira."

"Eya, limazungulira ndithu," anayankha amayi aakulu. "Afunse amuna ako, akuuza kuti limaima liti."

Anthu anaseka. Amayi atasanza, wina anati zituluke, zikatuluka apeza bwino. Anawagoneka pa mapesi a mpunga pansi pa kachisakasa, n'kuwafunditsa chitenje, ntchito n'kupitirira. Ndilemba zoona m'kope muno chifukwa ndi langa: inenso ndinaseka. Ndinachita manyazi, koma ndinaseka, ndipo mumtima ndinati mawa ndidzakhala ndi chowanena.

Abambo anali kumapeto ena a puloti, kumene amuna ankapuntha. Nkhani inawapeza ngati nthabwala, ndipo anabwera akumwetulira. Atafika pa kachisakasa kumwetulira kunatha. Anagwada, n'kuika mphuno pafupi ndi pakamwa pa amayi. Anapita pamene panagwera ndowa, anapaka chala m'thobwa lotsalira, analawa. Kenako anatunga madzi m'kapu n'kuwapatsa amayi. Dzanja lamanja la amayi linanyamuka bwinobwino, koma likuyandikira kapu linayamba kugwedezeka, n'kupitirira, n'kukagwira mphepo. Abambo anawayang'ana m'maso. Inenso ndinasuzumira, ndipo ndinaona maso a amayi akudumphadumpha okha.

"Alamu," anatero abambo kwa amayi aakulu, osakweza mawu, "sukulu sindinapite nayo patali, koma mowa ndinaumaliza makalasi onse. Woledzera amanunkha. Woledzera mutu umamupweteka mawa lake, osati nthawi yomweyo. Awa sanamwe kanthu. Tsitsani matumba m'ngolomo."

Palibe amene anasekanso. Ngolo imene inabwera kudzatenga mpunga inatenga amayi, mutu wawo uli pamiyendo panga. Nthawi zonse gudumu likalowa m'dzenje ankatseka maso n'kundifinya chala. Amayi aakulu ankayenda pambali pa ngolo, nkhata ya amayi ili m'manja, osayankhula, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Kumsewu waukulu tinakwera minibasi yopita ku Mua, ndipo anthu anasunthira kumbuyo okha kuti amayi agone pampando wonse.

Kuchipatala cha mishoni adokotala anali bambo wamfupi, wodekha. Anayeza kuthamanga kwa magazi, anayang'ana makina, anayezanso dzanja lina. Anayeza malungo, osawapeza. Anafunsa kuti anagwera mbali iti, mutu ukupweteka pati, anasanza kangati. Kenako anaimika chala chawo patsogolo pa amayi.

"Amayi, gwirani mphuno yanu, kenako chala changa. Mubwerezebwereze."

Dzanja lamanzere linachita bwino. Lamanja linayendayenda m'malere n'kukatera patsaya. Amayi anayesanso, linatera pachibwano.

"Mphuno yasamuka," anatero pang'onopang'ono.

Adokotala anamwetulira pang'ono, koma anapitiriza. Anawauza kuti atsetsereze chidendene pa msongolo wa mwendo wina, ndipo chamanja chinkangogwera pambali. Atamaliza anatiitanira pakhomo n'kutiuza kuti akuganiza kuti vuto lili m'kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, kamene kamathandiza munthu kuima osapendeka ndi kulunjikitsa dzanja pamene akufuna. Anati mwina mtsempha watsekeka kapena waphulika, koma maso sangaone zimenezo, pakufunika makina ojambula mutu a kuchipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kaubongo kameneko ndinkakadziwa. Teremu yomweyo tinakajambula m'kalasi ya Bayoloje, kooneka ngati kabichi wodulidwa pakati, n'kulemba pambali kuti serebelamu. Ndinaloweza ntchito yake kuti ndikakhoze mayeso. Sindinaganizepo kuti kali kunsi kwa duku la amayi, ndipo kuti zaka zonsezi ndi kamene kankagwira ndowa ija.

Ambulansi inatenga amayi kupita ku Lilongwe, pamodzi ndi amayi aakulu ngati gadiyani. Ine ndi abambo tinatsatira mawa lake pa minibasi. Makina aja ndinangowaona chitseko chitatseguka: chinthu choyera chobowoka pakati ngati thayala la thirakitala, ndi kabedi kolowa mkati mwake. Amayi aakulu anawanong'oneza amayi kuti asaope, si uvuni.

Dokotala wa kumeneko anali mayi. Anatikhazika pansi n'kutembenuza kompyuta kuti tonse tione. Chithunzi chinali chotuwa, koma kumunsi kwake, mbali imodzi, kunali kadontho koyera, kakakulu ngati pwetekere.

"Awa ndi magazi," anatero. "Kamtsempha kakang'ono kanaphulika. Magazi a amayi akhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali, iwo osadziwa, chifukwa matenda amenewa nthawi zambiri sapweteka."

Anafotokoza kuti malo amenewo ndi opanikizika. Pakatupa kwambiri, pamafinya mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, ndiponso pamatseka njira ya madzi a m'mutu. Zikatero pamafunika opaleshoni mwamsanga. Koma magazi a amayi anali ochepa, ndipo iwo anali maso, akuyankha. Anati awatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi mankhwala, aziwayang'anira masiku angapo, ndipo ife tikaona kuti akugona mosadzutsika kapena asokonezeka, tithamange kukauza anamwino osadikira. Kenako anafunsa kuti anaganiza zobwera nawo msanga ndani. Amayi aakulu analoza abambo ndi chibwano.

"Munachita bwino, bambo. Ena amawasiya agone mpaka mawa."

Abambo anakanda m'mutu. "Adokotala, mawu amenewo mungakawabwereze kuwodi kuja, akazi anga akumva?"

Ntchito yoyang'anira amayi aakulu anaitenga ngati chilango chimene adzipatsa okha. Anamwino ankabwera nthawi ndi nthawi kudzafunsa amayi dzina lawo ndi kumene ali, koma amayi aakulu ankaona ngati sizikukwana. Amayi akangotsinzina, iwo ankawagwedeza phewa.

"Mng'ono wanga, ndine ndani?"

Amayi ankayankha ndi liwu limodzi, kapena kungogwedeza chala. Tsiku lachinayi masana, ndikuwapukuta kumaso, amayi aakulu anafunsanso. Amayi anatsegula diso limodzi.

"Ndinu aja munati ndaledzera."

Anali mawu awo oyamba athunthu chiwagonekereni pabedi paja. Mayi wa bedi loyandikana nalo, amene nkhani yonse anali ataimva kale kawiri, anaseka mpaka dilipi yake kugwedezeka. Amayi aakulu anaseka, kenako analira, kenako anatuluka panja n'kubwera ndi nthochi zambiri zoti munthu mmodzi sangamalize.

Ine ndinabwerera kusukulu sabata yomweyo. Abambo ndiwo anabwera ndi uthenga woti awajambulanso ndipo kadontho kaja sikanakule, opaleshoni sifunika. Tsiku limenelo ndinathamanga kuchokera pamsewu mpaka kunyumba popanda chifukwa, chikwama chikundimenya kumsana. Patatha masabata atatu amayi anabwera.

Ndinkaganiza kuti munthu akatuluka m'chipatala ndiye kuti wachira. Amayi anatsika m'galimoto atagwiridwa mbali zonse. Akakhala pamkeka ankapendekera kumanja pang'onopang'ono mpaka wina awabweze. Supuni ya phala inkafika patsaya. Akatembenuza mutu mofulumira, chizungulire chinkabwerera. Anabwera ndi mapilitsi akumwa m'mawa uliwonse, lamulo loti mchere uchepe, ndi pepala la zithunzi za mafizo limene mayi wophunzitsa odwala kuyenda anawapatsa.

Abambo analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anatenga chikwanje. Pofika madzulo anali atazika mitengo n'kumangirira nsungwi ziwiri zazitali, kuchokera pakhonde kukafika pa mtengo wa mango, motalikirana mongokwana munthu pakati. Pansi anathira mzere wa phulusa. M'mawa uliwonse amayi ankayenda pakati pa nsungwizo, manja onse atagwira, akuyesa kuponda phulusa. Abambo ankawerenga mapazi mokweza ngati mphunzitsi wa Sitandade 1.

"Inu, werengani chamumtima. Mudzi wonse udziwe kuti ndafika pa seveni?"

"Udziwe kumene. Dzulo munali pa faifi."

Masana ndinkawaikira lichero la nyemba pamiyendo kuti azitola imodziimodzi ndi dzanja lamanja n'kuponya m'kapu. Poyamba nkhuku ndizo zinkapindula. Zinazolowera mpaka zikangoona lichero zinkabwera kudzaima mozungulira. Amayi ankati akadzachira adzayamba ndi yofiira ija, chifukwa ndiyo inkawayang'ana monyoza. Mchere ndinkayeza ndi kachitsekero ka botolo, ndipo tsiku lililonse ankati ndiwo zanga zikukoma ngati madzi otsukira mbale. Abambo ankadya zomwezo osadandaula, koma ndinawapeza kawiri ali ndi kamchere m'thumba la malaya.

Panali tsiku limodzi loipa. Amayi aakulu anali atapachika nkhata ija pamsomali pakhonde. M'mawa wina amayi anaiyang'ana n'kundiuza kuti ndiwaike pamutu. Ndinaipinda n'kuwaika. Anawongola khosi monga ankachitira kale, koma mutu unagwedezeka pang'ono ndipo nkhata yopanda katundu inatsetsereka n'kugwera pamiyendo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Pamutu panga pakuzizira," anatero. "Chikhalire changa sindinayendepo pamutu pali pululu. Madzi uzinditungira iwe mpaka liti? Ukadzapita kukoleji ndidzamwa chiyani?"

Ndinawauza kuti madzi si nkhani. Tsiku limenelo pa nsungwi sanayende. Ine mantha anandigwira. Ndinkawaona m'maganizo atatsala okha pakhomo, akuika ndowa pamutu, akugwa, kamtsempha kena n'kuphulika. Ndinatenga nkhata ija n'kuibisa pansi pa chikwama changa chakale, kunsi kwa makope a Fomu 1. Anandifunsa kawiri ngati ndaiona. Ndinati ayi.

Mwezi wa Julaye unayenda bwino. Anayamba kugwira nsungwi ndi dzanja limodzi, kenako ndi chala, kenako ankangoyendetsa manja pamwamba osakhudza. Nkhuku zinayamba kuonda. Ndodo anaikana masiku awiri, akuti si nkhalamba, mpaka abambo anawasemera ina yosalala n'kunena kuti ngakhale abusa a ng'ombe amayenda nayo ali anyamata. Lamulungu lina anafika kutchalitchi wapansi, tikupuma kanayi panjira. Anaimba atakhala pansi, mawu akutsalira pang'ono kumbuyo kwa anzawo, ndipo amayi a kwaya anachedwetsa nyimbo yonse kuti afanane nawo. Mayi uja ananena kumunda kuti a kwaya aimba nyimbo ina anabwera kunyumba ndi nkhuku yamoyo, osatchula chifukwa. Amayi anailandira, nawonso osafunsa.

Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinawaperekeza ku Mua kukayezetsa. Magazi anali akuyenda bwino. Mayi wa mafizo anawaimiritsa mapazi ataphatikiza, anawayendetsa m'khonde, anawatembenuza. Anati dzanja mwina lizigwedezekabe pa ntchito zazing'ono ngati kulowetsa ulusi m'singano, ndipo akatopa mawu azikokeka, koma miyendo ikubwerera bwino. Amayi anadikira mpaka amalize kulemba.

"Nanga kusenza?"

Mayi uja anaika cholembera pansi. "Yambani ndi chopepuka, pamalo pofewa, wina ali pafupi. Mukamva chizungulire, siyani. Ndowa yodzaza iyembekeze, ndipo mwina iyembekeza nthawi yaitali."

Pobwerera ndinawauza amayi kuti mayi uja sanawaone tsiku lija pa kamzere, n'chifukwa chake akuyankhula mopepuka. Amayi ankangoyang'ana pawindo la minibasi. Nkhata ndinaisiya momwemo.

Masiku otsatira tinayamba kudya maungu. Tinali ndi ambiri, a m'munda wa chimanga, ndipo abambo anawasanja padenga la khitchini. Koma kale tinkadya mwa apo ndi apo. Tsopano masana alionse ndikabwera kumjigo ndinkapeza maungu ali pamoto. Ndiponso sanali odulidwa bwino monga amadulira amayi aakulu, anali zibenthuzibenthu, ndipo kawiri ndinatafuna mchenga.

"Agwa padenga," anatero amayi aakulu nditafunsa. "Mwera wa chaka chino."

"Mphepo imeneyi imakonda maungu," anawonjezera abambo, akuyang'ana m'mbale.

Ndinakhulupirira. Ndili Fomu 3, ndimadziwa ntchito ya serebelamu, koma ndinakhulupirira kuti mphepo imagwetsa dzungu limodzi patsiku, nthawi yomwe ine ndili pamzere kumjigo.

Lero nditamva tsache lija ndinadzuka, ndinawapatsa amayi mapilitsi, ndinanyamula ndowa. Kumjigo ndinapeza anthu awiri okha chifukwa ambiri apita kumsika, ndiye ndinabwerera msanga. Pabwalo panalibe munthu. Nditatula ndowa ndinamva mawu a abambo akuwerenga chapansipansi kuseri kwa nkhokwe. Ndinayenda monyang'ama n'kusuzumira.

Kuseriko abambo aunda kamzere ka mchenga, kotalika ngati mapazi makumi awiri, kopapatiza ngati ka kusikimu. Pamwamba pake panali amayi. Pamutu anali ndi nkhata ya masamba ouma a nthochi, ndipo pankhatapo panali kadzungu. Patsogolo pawo amayi aakulu ankayenda chobwerera, manja atatambasula ngati akukusa nkhuku. Kumbuyo kunali abambo, manja ali pafupi ndi chiuno cha amayi koma osakhudza. Ndodo inali itatsamira nkhokwe.

Ndinafuna kukuwa, koma ndinaopa kuti mawu anga ndiwo awagwetse. Ndinaluma mlomo. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, maso ali patsogolo, khosi lili chilili. Phazi lamanja linkafuna kuthawira pambali, iwo n'kulibweza. Manja anali pansi. Anafika kumapeto. Ndinadziwa kuti chovuta ndi kutembenuka, chifukwa ndipo chizungulire chimawapezera. Anaima, anapuma, n'kuyamba kutembenuka thupi lonse, kaphazi kamodzi, kaphazi kena, monga ankachitira poyankha moni. Kadzungu kanagwedezeka, n'kukhazikika. Atamaliza kutembenuka, maso awo anagwera pa ine.

"Tagwidwa," anatero abambo.

Amayi sanaime. Anayenda mpaka kumene anayambira, anatula kadzungu ndi manja awiri, n'kuwapatsa amayi aakulu. Kenako anakhala pa mtondo wogwadika, akupuma mofulumira, nkhope yonse ikuseka.

"Lero maungu kulibe," anatero. "Uphike mbatata."

Ine ndinangoima, misozi ikutsika, osadziwa ngati ndakwiya kapena ndakondwa. Ndinawafunsa kuti anayamba liti. Anati tsiku lotsatira titachokera ku Mua. Ndinafunsa kuti asweka angati.

"Khumi ndi limodzi," anatero amayi aakulu.

"Asanu ndi anayi," anatero abambo. "Awiri anaswa ndi alamu anga omwewa, poonetsa mmene amasenzera akatswiri."

"Nkhata yake inali yoterera," anadziteteza amayi aakulu.

"Inde, inalawitsa thobwa," anayankha abambo.

Amayi anaseka mpaka kugwira kunkhongo, ndipo tonse atatu tinadumpha. Anatiyang'ana n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Anati duku lamasuka, basi.

Kenako anandiitana kuti ndikhale pafupi. Anachotsa nkhata ya masamba ija pamutu n'kundiika pamiyendo.

"Iwe mwana, unkaganiza kuti nkhata padziko pano ndi imodzi?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ili m'chikwama chako, kunsi kwa makope. Ndinaiona mwezi watha ndikufuna lezala."

"Nanga bwanji simunaitenge?"

"Anabisa ndiye abweze. Ine mapilitsi ndinapatsidwa, mafizo ndinapatsidwa. Iwe sanakupatse kanthu, ndiye ndinati mantha ako achira mochedwa. Koma ya masambayi imayabwa."

Ndinawauza kuti tsiku lija kumunda inenso ndinaseka. Sindinauzepo munthu. Amayi anati akudziwa, anandimva, makutu sanadwale. Anati akanakhala kuti akudzandira ndi akulu awo, iwonso akanaseka kuposa onse. Amayi aakulu anati zimenezo n'zoona, mng'ono wawo alibe chisoni chibadwire.

Tikudya mbatata, amayi ananena chimene akufuna. Abambo abzala chimanga cha mthirira ku puloti kuja, ndipo mawa ndi tsiku lathu la madzi. Amayi akufuna kukawapatsira thobwa. Sadzayenda ulendo wonse, adzakwera ngolo ya aneba mpaka pa ngalande yaikulu. Koma kuchokera pamenepo kukafika pa puloti, pa kamzere komwe kaja anagwera, akufuna kuyenda okha, kachigubu kakang'ono kali pamutu. Thobwa lake amayi aakulu aphika dzulo, ndipo alonjeza kulawa pamaso pa mboni. Abambo anati mboni ndi iwo, popeza ndi okhawo pabanja pano amene ali ndi satifiketi ya zimenezo, yosainidwa ndi dokotala wa ku Lilongwe.

"Zaka zonse zija munamwa," anatero amayi, "zathandiza kamodzi. Musayese kubwereza kalasi."

Mantha sanandithere. Kamzere ka kusikimu si ka mchenga, ndipo mbali imodzi kuli madzi. Ndafunsa ngati adzatenge ndodo, avomera kuti abambo adzainyamule. Ndafunsa ngati adzasiye akamva chizungulire, ati mayi wa mafizo ananena kale, iwo si mwana. Dzanja lawo likugwedezekabe akamatola singano. Ndowa yodzaza mwina sadzasenzanso, ndipo madzi ndizitungabe ine mpaka tidzaone.

Nkhata ija ndaitulutsa. Inali itayamba kununkha makope akale, ndiye ndaichapa, ndipo pamene ndikulemba pano ili pa nsungwi ikuuma, mphepo ikuiwulutsa. Mawa m'mawa, ndikawapatsa mapilitsi, ndidzagwada n'kuwapatsanso nkhatayo, yosapinda, kuti apinde okha. Ndidzakwera nawo ngolo. Pa kamzere ndidzayenda kumbuyo kwawo, ndipo manja anga ndidzawaika kumsana, lina litagwira linzake, mpaka tikafike.